Kugula Fulati ya Lizi ku England: Zimene Loya Amafufuza ndi Zimene Banki Imafuna

Ndikulankhula makamaka ndi inu abale athu amene munawoloka nyanja ndipo tsopano mukukhala ku Manchester, ku Leeds, ku Nottingham, ku Cardiff ndi ku London. Ambiri a inu mwakhala zaka mukulipira lendi mwezi ndi mwezi, mukugwira ntchito usana ndi usiku m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo mtima wayamba kunena kuti nthawi yakwana yoti mukhale ndi khomo lanulanu. Koma popeza nyumba yoima payokha ndi yokwera mtengo, maso anu agwera pa fulati, ndipo nkhani yathu ya lero ndi ya fulatiyo. Zimene ndikambe ndi za England ndi Wales, pakuti Scotland ili ndi malamulo ake a nthaka osiyana ndi awa.

Chinthu chimene ndikufuna kuti chikhazikike m'mitima yanu tisanapite patsogolo ndi ichi: munthu wogula fulati ya lizi sagula njerwa, sagula denga, sagulanso nthaka imene chinyumbacho chaimapo, koma agula zaka, ndiwo ufulu wokhala m'zipinda zakutizakuti kwa nyengo yolembedwa m'pangano, imene kawirikawiri imayamba ili zaka 99, 125 kapena 999, ndipo imachepa chaka ndi chaka kufikira tsiku limene zipindazo zidzabwerera kwa mwini nthaka. Ife ochokera ku Malawi ndi ku Zambia sitili alendo pa zimenezi, pakuti kwathunso boma limapereka malo a m'tauni pa lizi ya zaka 99. Kusiyana kwake n'kwakuti ku England mwini nthaka nthawi zambiri si boma, koma kampani kapena munthu wamba amene ali ndi phindu lake m'panganolo, ndiponso mumakhala pansi pa denga limodzi ndi mabanja ena ambiri, amene mudzagawana nawo mtengo wa kukonza chilichonse chowonongeka. Nyumba za mtundu umenewu ku England zilipo pafupifupi 5 miliyoni, kotero si njira yachilendo kapena yochititsa manyazi. Ndi njira imene imafuna maso.

Maso amenewo ndi loya. Ntchito yosamutsa umwini wa nyumba imagwiridwa ndi solicitor, amene amayang'aniridwa ndi Solicitors Regulation Authority, kapena ndi licensed conveyancer, amene amayang'aniridwa ndi Council for Licensed Conveyancers, ndipo musanalembe ntchito aliyense wa iwo mumufunse mafunso awiri: ngati dzina la ofesi yake lili pa mndandanda wa maloya ovomerezedwa ndi banki imene ikukukongozani, ndiponso ngati amagwira ntchito za lizi kawirikawiri. Ofesi ikapanda kukhala pa mndandandawo, banki idzalemba loya wake wina, ndipo mudzalipira awiri ndi kudikira awiri. Koma ikakhalapo, dziwani chinthu chimene ogula ambiri amachizindikira mochedwa, chakuti loya amene mukumulipira inu akutumikira ambuye awiri pa nthawi imodzi, inu ndi banki. Ali ndi buku la malangizo lotchedwa UK Finance Mortgage Lenders' Handbook, limene gawo lake loyamba lili ndi zofuna za mabanki onse pamodzi, ndipo gawo lachiwiri lili ndi zofuna za banki iliyonse payokha. Mabungwe ena obwereketsa amatsata malangizo a Building Societies Association. Loya akapeza kanthu kosemphana ndi malangizowo, ayenera kuuza banki. Ndipo inu mukamuletsa kunena, sadzabisa, koma adzaleka kuimira bankiyo, ndipo banki idzadziwa kuti pali chifukwa. Pamapeto pake iye amasaina chikalata chotchedwa Certificate of Title, chotsimikizira banki kuti umwini wa fulatiyo ndi wabwino ndipo ingathe kugulitsidwanso, ndipo popanda chikalata chimenechi banki situlutsa ndalama ngakhale khobidi limodzi.

Ena mwa ife timakwiya ndi kuuma mtima kwa banki, koma ine ndikuona kuti kuumako kumatichitira ubwino. Inu mukalowa mu fulati mumaona mazenera aakulu, khitchini yatsopano ndi siteshoni ya sitima ili pafupi. Banki imaona tsiku loipa limene inu mungadzalephere kubweza ngongole, ndipo imadzifunsa ngati pa tsikulo idzapeza munthu wina wofuna kugula. Funso limenelo ndi lanunso, pakuti tsiku lina mudzafuna kugulitsa, kaya kuti mugule nyumba yokulirapo, kaya kuti mubwerere kumudzi, ndipo wodzagula kwa inu adzapita ku banki yofunsa mafunso omwewa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za fulati zimakhala m'mapepala.

Choyamba chimene banki imawerenga ndi zaka zotsala. Tiyerekeze lizi ya zaka 99 imene inayamba mu 1995: imeneyo idzatha mu 2094, ndipo munthu woigula mu 2025 anapeza zaka 69 zokha; akatenga ngongole ya zaka 25, pomaliza kubweza adzakhala ndi zaka 44 m'manja, ndipo n'zovuta kupeza banki yokongoza munthu ndalama zogulira lizi yaifupi chotere. Banki iliyonse ili ndi malire ake, olembedwa m'gawo lachiwiri la buku lija, koma nambala imene aliyense ayenera kuisunga pamtima ndi 80. Lamulo la 1993, lotchedwa Leasehold Reform, Housing and Urban Development Act, linapatsa mwini fulati ufulu wowonjezera zaka 90 pa lizi yake polipira mwini nthaka. Koma litasinthidwa pambuyo pake, linanenanso kuti zaka zotsala zikatsika pansi pa 80, mwini nthaka azitenga theka la phindu lobwera chifukwa cha kutalikitsako, limene mapepala amalitcha marriage value. Chifukwa chake lizi ya zaka 82 ndi lizi ya zaka 79, ngakhale zikuoneka zoyandikana, mtengo wozitalikitsa ungasiyane ndi mapaundi zikwi zambiri. Mu Meyi 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Leasehold and Freehold Reform Act, lamulo limene likulonjeza kuwonjezera zaka 990 ndi kuchotsa gawo la mwini nthaka lija, koma magawo ake akuyamba kugwira ntchito pang'onopang'ono. Kuyambira pa 31 Januwale 2025 munthu safunikiranso kudikira zaka ziwiri atagula asanapemphe kutalikitsa lizi, ndipo zimenezi ndi zabwino; koma zaka 990 ndi kuchotsedwa kwa marriage value sizinali m'gulu la magawo oyambawo, ndipo wogulitsa akakuuzani kuti musadandaule, lamulo latsopano likonza zonse, mufunse loya wanu chimene chikugwira ntchito pa tsiku limene mukusaina, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chachiwiri ndi lendi ya nthaka, imene m'pangano imalembedwa kuti ground rent. Kale inali ndalama yochepa, yongokumbutsa kuti nthaka ili ndi mwini wake. Koma panafika nyengo imene makampani ena omanga nyumba anayamba kulemba mapangano onena kuti lendiyo iziwirikiza kawiri zaka khumi zilizonse. Tawerengani nokha: mapaundi 250 pachaka, pakatha zaka khumi asanduka 500, kenaka 1,000, kenaka 2,000, kenaka 4,000, ndipo pakatha zaka 50 afika 8,000 pachaka, ndalama yolipira munthu amene sakukolopa ngakhale masitepe. Mabanki atazindikira zimenezi anakana kukongoza pa nyumba zotere, ndipo mabanja ambiri anapezeka ali ndi nyumba zosagulitsika. Mu 2017 kampani ya Taylor Wimpey inapatula mapaundi 130 miliyoni kuti ikonze mapangano otere, ndipo m'chaka chomwecho bungwe la Nationwide linalengeza kuti pa nyumba zongomangidwa kumene silidzakongoza ngati lendi ya nthaka ipitirira 0.1 peresenti ya mtengo wa nyumbayo, ndiko kunena mapaundi 200 pachaka pa fulati ya mapaundi 200,000. Panalinso msampha wina umene mabanki akhala akuuopa kwa zaka zambiri, wochokera mu Housing Act ya 1988, wakuti lendi ikapitirira mapaundi 250 pachaka, kapena 1,000 mu London, lizi yaitali inkatha kuwerengedwa ngati ya munthu wa lendi wamba, amene angatulutsidwe mosavuta akatsalira pa malipiro. Lamulo la 2022 linathetsa lendi ya nthaka pa malizi atsopano olembedwa kuyambira pa 30 Juni chaka chimenecho, koma silinakhudze akale; ndipo popeza mafulati ambiri amene ife tingakwanitse kugula ndi akale, ndime imeneyi iyenera kuwerengedwa ndithu. Ikakhala yoipa, mankhwala ake ndi pangano losintha ndimeyo, lotchedwa deed of variation, limene mwini nthaka ayenera kuvomera, ndipo limeneli lingatenge miyezi.

Tsopano tifike pa nkhani imene imaliza anthu atalowa kale m'nyumba, ndiyo ndalama zosamalira chinyumba chonse, zotchedwa service charge. Denga, makoma akunja, chikepe, magetsi a m'makonde, udzu wa panja, inshuwaransi ya chinyumbacho ndi malipiro a kampani yoyang'anira, zonsezi zimagawidwa pakati pa eni mafulati monga momwe lizi yanenera, ndipo walira mvula walira matope. Loya wa wogulitsa amapempha kwa oyang'anira chinyumba mpukutu wa mapepala, pamodzi ndi fomu yotchedwa LPE1, ndipo wogulitsa mwini amayankha mafunso pa fomu za TA6 ndi TA7. Mpukutu umenewu umachedwa kawirikawiri, ndipo ndiwo umachititsa kuti kugula fulati kutenge nthawi yaitali kuposa kugula nyumba yoima payokha. Koma ukafika musausiye kwa loya yekha, muupemphe, mukhale pansi, muuwerenge. Muone maakaunti a zaka zitatu zapitazo, kuti mudziwe ngati ndalamazo zikukwera pang'onopang'ono kapena zikudumpha. Muone ngati pali thumba losungiramo ndalama za ntchito zazikulu, ndiponso muli zingati, pakuti chinyumba chakale chopanda thumba lotere chidzatumiza bilu ya denga lonse kwa anthu amene adzapezeke alimo pa nthawiyo. Muone ngati wogulitsa ali ndi ngongole kwa oyang'anira, ndipo ngati eni mafulati ena ali pa mkangano ndi mwini nthaka. Koposa zonse, mufunse ngati patuluka kale chidziwitso cha Section 20. Lamulo la 1985, Landlord and Tenant Act, limalamula mwini nthaka kuti afunse maganizo a eni mafulati asanayambe ntchito imene ingadye mapaundi opitirira 250 kwa aliyense wa iwo. Ndipo chidziwitso chotere chikakhala kuti chatuluka, ndiye kuti bilu ili m'njira, ndipo loya wanzeru amapangana kuti gawo la ndalama za wogulitsa lisungidwe kufikira bilu itafika, kapena kuti mtengo utsike.

Banki imasamala za ngongole zimenezi chifukwa cha mphamvu imodzi yoopsa imene mwini nthaka ali nayo, yolanda lizi kwa munthu wophwanya pangano, imene amaitcha forfeiture. Lamulo la 2002 linaika mpanda, wakuti sangayambe kulanda chifukwa cha ngongole pokhapokha itapitirira mapaundi 350 kapena itakhala zaka zoposa zitatu, ndipo makhoti ali ndi mphamvu yopulumutsa munthu akalipira. Komabe lizi ikalandidwa, mwini fulati amataya zonse, ndipo chikole cha banki chimatha nayo limodzi. N'chifukwa chake mabanki ena amafuna kuti mwini nthaka aziwadziwitsa asanachite kanthu, ndipo nthawi zambiri amalipira okha ngongoleyo n'kuiwonjezera pa ngongole yanu ya nyumba. Ine ndikuona kuti chilango chotere ndi chachikulu koposa mlandu wake, ndipo ambiri ku England omwe akunena chomwecho. Koma pamene chikadalipo, musaleke kulipira chifukwa cha mkwiyo. Mukaona kuti bilu ndi yosalungama, khomo loyenera ku England ndi First-tier Tribunal, bwalo limene limaweruza ngati ndalama zopemphedwazo zili zoyenera.

Pali tsiku limodzi limene linasintha malonda onse a mafulati. Pa 14 Juni 2017 moto unabuka mu Grenfell Tower, ku North Kensington mu London, ndipo unathamanga kukwera chinyumbacho kudzera m'zokutira za kunja kwa makoma, napha anthu 72. Pambuyo pake panapezeka kuti zinyumba zina zambiri zinakutidwa ndi zipangizo zoyaka mosavuta, ndipo mabanki analeka kukongoza pa zinyumba zazitali kufikira atadziwa chimene chili m'makoma. Mu Disembala 2019 panatuluka fomu ya EWS1, imene katswiri amasaina ataunika makoma akunja, ndipo kufikira lero woyesa mtengo wotumidwa ndi banki angaipemphe. Kenaka kunabwera Building Safety Act ya 2022, imene ku England imateteza eni mafulati ena ku mtengo wochotsa zokutira zoopsazo, m'zinyumba zotalika mamita 11 kapena za nsanjika zisanu kupita m'mwamba. Apa mvetserani bwino, pakuti pali chinthu chodabwitsa: kuti fulati ikhale yotetezedwa, sizidalira inu wogula, koma zidalira munthu amene anali mwini wake pa 14 Febuluwale 2022, ngati ankakhalamo monga kwawo kwenikweni, kapena ngati anali ndi nyumba zosapitirira zitatu m'dziko lonse la United Kingdom. Chitetezo chimenecho, kapena kusowa kwake, chimatsata fulatiyo kwa aliyense wodzagula pambuyo, ndipo chimatsimikizidwa ndi zikalata ziwiri, china cha mwini fulati, china cha mwini nthaka. Chinyumba chikakhala chachitali, mufunse za zikalata zimenezi pa tsiku loyamba.

Zina ndingozitchula mwachangu. Woyesa mtengo wa banki amagwirira ntchito banki, ndipo sakuunikirani chinyontho kapena ming'alu. Mukafuna kudziwa zimenezo mulembe katswiri wanu wounika nyumba, wa bungwe la RICS. Loya amafufuzanso ku khonsolo, kwa a madzi ndi za nthaka. Lizi iyenera kunena momveka amene ali ndi udindo wokonza denga ndi maziko ndi wolipira inshuwaransi, ndipo mwini nthaka akakhala kuti wasowa osapezeka, banki ingafune inshuwaransi yapadera kapena ingakane. Muwerengenso zoletsa za m'pangano, pakuti malizi ena amaletsa kubwereketsa fulati kwa ena, kugwetsa khoma, kusunga ziweto kapena kuchitiramo malonda. Ndipo ngati muli ndi maganizo odzabwerera kwanu n'kusiya munthu wa lendi m'nyumbamo, ndime imeneyo ndi yofunika kwa inu kuposa khitchini.

Koma pali nkhani ziwiri zimene zikukhudza ife makamaka, ndipo ndikupempha kuti muzimve ndi mtima wofatsa. Yoyamba ndi ya gwero la ndalama. Malamulo oletsa kubisa ndalama zakuba amakakamiza loya kufunsa kumene dipoziti yanu yachokera, ndipo iye sakukunyozani pofunsa. Ambiri a ife timasonkhanitsa ndalama kudzera m'chipeleganyu, kapena timathandizidwa ndi achimwene ndi achemwali, kapena tagulitsa puloti kumudzi, ndipo zonsezi ndi njira zolungama. Koma ndalama zolowa mu akaunti mwadzidzidzi popanda pepala zimaimitsa ntchito yonse. Chifukwa chake a chipeleganyu azitumizirana kudzera ku banki, mayina ndi masiku zilembedwe, pangano logulitsira puloti lisungidwe pamodzi ndi malisiti otumizira ndalama. Mbale akakupatsani ndalama, banki idzafuna kalata yake yonena kuti ndi mphatso yosabweza ndipo alibe gawo m'nyumbamo. Ikakhala ngongole, munene kuti ndi ngongole, pakuti kunamiza banki pa zimenezi ndi mlandu.

Yachiwiri ndi ya msonkho wogulira nyumba, Stamp Duty Land Tax, umene ku Wales uli ndi dzina ndi malamulo ake. Ku England munthu wogula koyamba amachotseredwa msonkho, koma lamulo limati wogula koyamba ndi amene sanakhalepo ndi nyumba kwina kulikonse pa dziko lapansi, ngakhale yosiyiridwa ndi makolo. Ndiponso munthu amene ali kale ndi nyumba ina ya mtengo wa mapaundi 40,000 kapena kuposa, kaya ili ku Area 47, ku Namiwawa kapena ku Chipata, angagwere pa msonkho wowonjezera, umene kuyambira kumapeto kwa Okutobala 2024 uli pa 5 peresenti. Ambiri a ife tinayamba kumanga kwathu tisanaganize zogula kuno, ndipo ndi bwino kuti tinatero. Koma muuze loya za nyumbayo pachiyambi, kuti muwerengere mtengo wonse musanalonjeze kanthu. Safunsa anadya phula.

Zonse zikalongosoka ndipo banki yavomera, pamafika tsiku losinthana mapangano. Tsiku limeneli lisanafike, wogula kapena wogulitsa angathe kubwerera m'mbuyo popanda mlandu. Likadutsa, mwamangidwa, ndipo dipoziti, imene kawirikawiri imakhala 10 peresenti ya mtengo, mungaitaye mukalephera kumaliza. Musalole munthu aliyense, ngakhale wogulitsa nyumba wolankhula mokoma, akufulumizitseni kufika pa tsikuli mafunso a lizi asanayankhidwe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso muziyang'ana tsiku limene lonjezo la banki lidzathe mphamvu, popeza ambiri amakhala miyezi isanu ndi umodzi yokha. Potumiza ndalama kwa loya chenjerani ndi akuba a pa intaneti, amene amatumiza imelo yooneka ngati ya ofesi ya loya wanu yonena kuti nambala ya akaunti yasintha. Muimbe foni pa nambala imene munaidziwa kale, mutsimikize ndi pakamwa, kenaka mutumize.

Pa tsiku lomaliza banki imatumiza ndalama kwa loya wanu, iye amazipereka kwa loya wa wogulitsa, ndipo makiyi amaperekedwa. Koma ntchito ya loya ikadalipo. Ku England ayenera kupereka fomu ya msonkho ndi kulipira pasanathe masiku 14. Ayenera kudziwitsa mwini nthaka kuti fulati ili ndi mwini watsopano ndiponso kuti banki yakuti ili ndi chikole pamenepo. Malizi ena amafunanso kuti musaine pangano lina lolonjeza kusunga malamulo a chinyumbacho, ndi kutenga chikalata cha oyang'anira chovomereza kusamutsako, ndipo chilichonse cha izi chili ndi mtengo wake, umene muyenera kuupempha wolembedwa pachiyambi pomwe. Pomaliza amalembetsa dzina lanu ndi la banki ku HM Land Registry, ndipo kalembera akatuluka mupemphe kope lake, mulisunge pamodzi ndi kope la lizi. Amene ali ndi funso pa ndime ina ya lizi yake, kaya asanagule kaya atagula kale, angapeze uphungu waulere ku Leasehold Advisory Service, bungwe lothandizidwa ndi boma. Ndipo amene sanakhutire ndi ntchito ya loya wake ayambe wadandaula ku ofesi ya loyayo, ndipo akapanda kuthandizidwa apite kwa Legal Ombudsman.